Amadziwa bwanji kuti ndili pa WhatsApp?

FUNSO: Akonzi, ine ndimagula bandulo ya WhatsApp yokha poti thumba ndi loperewera, koma dzana mlamu wanga anaponya linki ya kwaya pa gulupu ya kumpingo, nditangoidina mayunitsi amene ndinasungira kuimbira mayi kumudzi anangoti psiti! Nanga si ndinali pa WhatsApp pomwepo? Anthu a netiwekiwa amadziwa bwanji kuti ichi ndi cha WhatsApp ichi ayi, kapena amawerenga mameseji athu eti? Wodandaula, Mchinji

YANKHO: Pepani akulu, zimawawa. Koma mameseji sawerenga ayi, kuyambira 2016 WhatsApp imakhoma uthenga uliwonse moti makiyi ake amakhala pa foni yanu ndi ya amene mwamulembera basi.

Iwo amaona kunja kwa envulopu. Data imayenda m'timapaketi ting'onoting'ono, kalikonse kolembedwa adiresi ya kumene kakupita, ndiye akaona kuti kakulowera ku maseva (makompyuta akuluakulu) a Meta, eni ake a WhatsApp, amadula pa bandulo. Chinanso, foni ikamagogoda kwa seva kawirikawiri imatchula dzina poyera, kaya whatsapp.net kaya googlevideo.com, makina awo amamva. Kale ankangoyang'ana nambala ya port, khomo lolowera pa seva, 80 ndi webusaiti, 25 ndi imelo, koma lero pafupifupi aliyense akudutsira pa 443 ngati khomo limodzi la msika.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi chakuti ngakhale dzina litabisika, kayendedwe kamaulula. Munthu wokhala m'mbali mwa M1 ali gone m'nyumba amadziwa kuti yadutsayi ndi thiraki, iyi ndi njinga yamoto, osasuzumira n'komwe. Mukamaimba foni pa WhatsApp timapaketi timakhala ting'onoting'ono, tikungopita tikungobwera mosalekeza mbali zonse ziwiri, pamene vidiyo imabwera ndi zimapaketi zodzadza, mabayiti pafupifupi 1,500 chilichonse, zonse kulowera kwa inu, gwedeee, kenako zii kwa timasekondi, kenako zinanso. Kompyuta imaphunzitsidwa kuzindikira zimenezi, ngakhale nthawi zina imaphonya ndithu.

Kwaya ya alamu anuyo ndikukhulupirira inali pa YouTube. Mutadina munatuluka m'nyumba ya Meta n'kulowa kwa Google osadziwa, bandulo yanu siifika kumeneko. Backup ya machati yopita ku Google Drive ndi chimodzimodzi, muiike pa Wi-Fi yokha. VPN nayo, pulogalamu yobisa kumene data yanu ikupita, ngati muli nayo muzimitse, imakulunga zonse mu paketi yosadziwika ndiye amadula kwina.

Alamuwo auzeni azitumiza vidiyo yeniyeniyo pa gulupu, osati linki.