Ngolo yowotcherera inandigwetsera betoneira m'ngalande

Achimwene, mwafunsa za ngolo yokoka ndi galimoto yoti muzinyamulira kachokumbira, kamakina kokumba dothi. Za ngolo zopangitsa kwa owotcherera musandikumbutse, mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa. Yanga ndinapangitsa kwa mestre (mmisiri) wina mu Tete momwemu, dzina ndisunge. Anachita kulumbira kuti imanyamula matani awiri osamva kanthu. Ndinathirapo ndalama yonse ya mbatatesi za chaka chimenecho, penti yobiriwira ikuwala, ine kumangomwetulira.

Unali ulendo wachitatu wokha. Tinali titamaliza kuthira silabu ku Ulónguè, tikubwerera ku Moatize, mu Novembala. Pangolopo panali betoneira (makina osakanizira konkire) ya dizilo, makina opondera dothi, mawilibala awiri ndi matumba 6 a simenti amene anatsala. Anyamata anga anaunjika simentiyo kumbuyo kwenikweni poti ndi komwe kunali malo, ine osayang'ana n'komwe. Titadutsa Mussacama n'kuyamba kutsetsereka, ngolo inayamba kuvina, uku ndi uku, chiwongolero chikuchita kundilanda m'manja. Ndikaponda buleki Hilux ikufuna kuima, ngolo ikukankha kumbuyo poti inalibe mabuleki akeake. Kenako ndinangomva kho! Ndikuona tayala likundipitirira kumanja, tayala langa lomwe, likudumphadumpha, ndipo kutsogoloko kukubwera chapa (minibasi) yodzaza ndi anthu. Linaiphonya pang'onong'ono n'kukalowa m'munda mwa eni. Ndi Mulungu yekha. Betoneira inadula zingwe zonse n'kugubuduka m'ngalande, mgolo wake kuphwatalala mbali imodzi, dizilo thoo pansi. Mnyamata amene ndinakhala naye kutsogolo anatsika osayankhula, n'kukakhala pamwala atagwira mutu.

Nditasuzumira pansi ndi pamene ndinaona chimene ndinagula. Ekiselo yake inali paipi wamba, kumapeto anangowotchererako timiyendo ta kagalimoto kakang'ono kakale, ndipo inathyokera pamene anawotcherapo. Penti ija inali yobisira zimenezo. Tinakhala padzuwa la kuno mukulidziwa lija mpaka madzulo, madzi atatha, kenako apolisi apamsewu anafika n'kufunsa mapepala a atrelado, ndiye kuti ngoloyo, ine ndilibe ngakhale limodzi. Chindapusa pamwamba pa tsoka. Nditamupeza mestre uja, akuti "munadzaza kwambiri, bwana." Munthu amene ananena yekha matani awiri! Sanabweze ngakhale metikali imodzi, ndipo ndikumva akupangirabe anthu ena.

Tsono inu mukuti mukufuna kumanyamula kachokumbira ka matani 1.7 pa Hilux. Pakamwa pa wogulitsa musadalirepo, fufuzani kachitsulo kolembedwa kulemera kamene amakhomera kutsogolo kwa ngolo. Nambala yaikuluyo ndi ngolo pamodzi ndi katundu, ndiye ngolo yokha ikalemera makilogalamu 600 kapena 700, inu mukufunika yolembedwa 2,700 kupita m'mwamba. Ikapitirira makilogalamu 750 iyenera kukhala ndi mabuleki ake, aja amagwira okha ngolo ikakankha pokokera. Ma ekiselo awiri, kuti tayala limodzi likaphulika musaone zimene ndinaona ine. Matayala akhale olembedwa C, aja a magalimoto onyamula katundu, osati a galimoto yaing'ono, chifukwa phula la kuno likatentha limawadya. Ngoloyo ikhale yotsika, yokhala ndi zokwerera zake. Onaninso m'buku la galimoto yanu kuti imaloledwa kukoka zingati, ma Hilux amasiyana. Cholemera chikhale patsogolo pang'ono pa ma ekiselo, mumange ndi matcheni m'ngodya zonse zinayi, zingwe za buluu zija siyani. Mapepala akhalepo musanalipire, kuti ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto apamsewu, musakavutike.

Komatu ndisakunamizeni, ngolo ija ndikuyenda nayobe. Mdala wina wa ku Moatize, wowotcherera nayenso, anaikamo ekiselo yeniyeni n'kulimbitsa pokokera, ndipo zaka ziwiri tsopano sinandivutepo. Mabuleki ilibe mpaka pano, ndimangoyenda makilomita 50 pa ola, ndikamatsika ku Angónia ndimaima kawiri kukhudza pakati pa matayala ngati patentha. Ndiye ngati ndalama yaperewera, pangitsani, koma ekiselo mukagule nokha ndipo mukhalepo tsiku lowotcherera. Kachokumbirako kokha ayi, kameneko muzingochita hayala lole mpaka mutapeza ya mabuleki.