Kugwedezeka kwa malo ndi nthawi pa utali wa Planck

Anzanga, palibe amene anayezapo n'kutsimikiza kuti malo ndi nthawi zimagwedezeka pa timiyeso tating'ono kwambiri. Mpaka pano limeneli ndi ganizo lochokera m'masamu. Mu 1955 katswiri wa fizikisi John Wheeler ananena kuti pa utali wa Planck, womwe ndi pafupifupi mamita 1.6 × 10⁻³⁵, danga (malo ndi nthawi zomwezo) likhoza kuwira ngati thovu, chifukwa lamulo la Heisenberg, la fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono (quantum), sililola mphamvu kukhala bata, pamene chiphunzitso cha Einstein chimati mphamvu zimapinda malo ndi nthawi, choncho kupindako nakonso sikungakhale bata.

Chimene chimandichititsa kusamala n'chakuti makina a LHC, amene amawombanitsa tinthu ting'onoting'ono ku CERN, malo a kafukufuku a ku Ulaya, amangofika pa timiyeso ta pafupi ndi mamita 10⁻¹⁹, tomwe ndi tatikulu kwambiri poyerekeza ndi utali wa Planck. Komanso mu 2009 telesikopu ya m'mlengalenga ya Fermi inaona kuwala kwa gamma (kuwala kwa mphamvu zambiri) kochokera kutali kwambiri kukufika pafupifupi nthawi imodzi ngakhale mphamvu zake zinali zosiyana, ndipo zimenezi zinafooketsa maganizo ena onena kuti thovuli lingachititse kuwala kwa mphamvu zosiyana kufika pa nthawi zosiyana.

Ophunzira amene ndimawathandiza amakonda kupereka mphamvu ya Casimir (kukokana kwa timbale tiwiri tachitsulo toyandikana kwambiri) ngati umboni wa thovuli, komatu imeneyo imakhudza magetsi ndi maginito, osati kapangidwe ka danga.

Ngati mukulemba kafukufuku, masamu anu akawaone kaye katswiri wa fizikisi ya quantum kuyunivesite.