Kukangana pa siteji nako ndi mlandu?

Amayi ena a ku Chipoka andilembera imelo kuti mwana wawo wagwidwa atakangana ndi kondakita pa nkhani ya chenji, akuti mlandu wake ndi kuchita zinthu zomwe zikanatha kusokoneza mtendere, ndiye akufunsa kuti kodi kukangana chabe munthu nkumutsekera? Amayi, funso lanuli landikhudza kwambiri chifukwa zoterezi kwathu tinaziona.

Achimwene anga ankachita geni ya usipa, amadzuka tambala asanalire nkupalasa njinga kukadikira asodzi kunyanja, poti ukachedwa umapeza amayi a mabeseni atatenga wabwino wonse. Tsiku lina anakumana ndi chipikisheni panjira, dengu lili pakaliyala, ndalama ya mpamba ili m'sokosi, koma sanawafunse nkomwe kuti bambo mukupita kuti. Vakabu basi. Tinakawapeza m'selo lamba ndi nsapato zili pa kauntala, buluku atagwira ndi dzanja, munthu wamkulu wa ana atatu. Ndiye wina anawanong'oneza kuti ingovomerani mutuluke msanga, iwo anavomeradi, kulipira faindi, mpamba wonse kuthera pompo, njinga nayo inabwera ilibe pampu.

Vakabu imeneyi ndi gawo 184 la Penal Code, lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito 1930 atsamunda ali pano. Mu 2015 Mayeso Gwanda, venda wa majumbo, anagwidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa, iye sanavomere, nkhani inafika ku High Court ndipo mu Januwale 2017 khoti linati kachigawo kogwira munthu pongomuganizira kuti ali pamalopo ndi cholinga choipa kakutsutsana ndi Konsitichushoni. Koma magawo oyandikana nawo alipobe. Gawo 180 ndi la omwe amati ndi osowa chochita komanso achisokonezo, mpaka opemphetsa ndi otchova juga pagulu ali momwemo. 182 ndi kutukwana moti mnzako nkupsa mtima kufuna ndewu. 183 ndi ya oledzera osokoneza. Mukakhala anthu atatu kapena kuposa ndipo anthu akuopa kuti muyambitsa chisokonezo, imeneyo ndi ina, gawo 71, ija imatuluka nthawi ya mademo.

Ine ndinene mosabisa, malamulo amenewa amagwa pa wosauka. Pitani ku Senga Bay Loweruka mukaone anthu a magalimoto ochokera ku Lilongwe, nyimbo mpaka mbandakucha, mabotolo mbwee pamchenga, kutukwanizana kwake kosati masewera, ndani anawagwirapo? Koma wa kabaza pa Kamuzu Road ku Salima angokweza mawu wakwera kale Land Cruiser ya apolisi. Sindikuti a ndewu azisiyidwa ayi, makondakita enanso pakamwa pawo mpoola zedi, ndipo nkhani ya chenjiyi ndidzailemba payokha.

Tsono za mwana wanuyo

Mlandu wake ndi gawo 181, ndipo chilango chake chimafika miyezi itatu kundende. Oimba mlandu akuyenera kuonetsa kuti zinachitikira pagulu komanso kuti zochita zakezo zikanatha kubutsa ndewu kapena chipwirikiti, sikuti mpaka wina amenyedwe ayi. Kufunsa chenji chako mokweza pakokha ine sindiona mlandu, koma ngati anagwira kondakita pakhosi kapena kutola mwala ndiye nkhani yasintha. Gawo 42 la Konsitichushoni likuti afike pamaso pa majisitireti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti litsegule ngati nthawiyo yathera pa wikendi. Belo ya kupolisi ndi yaulere, musatulutse ndalama. Funsani a paralegal, othandiza anthu pa za malamulo omwe amayendera maselo, kapena a Legal Aid Bureau, pezani awiri omwe analipo pa sitejipo, ndipo mumuuze asavomere mlandu pongofuna kukagona kunyumba chifukwa dzina limatsala m'mabuku, mawa pofuna ntchito ya ugadi adzamufunsa kalata ya kupolisi.