Khonsolo yalemba chizindikiro chofiira pakhoma langa, nditani?

Mayi, mwalemba kuti munagula puloti kwa amfumu m'munsi mwa phiri la Soche, munamanga nyumba, ndipo tsopano a khonsolo ya mzinda wa Blantyre akupatsani kalata yoti mugumule. Mukufunsa ngati kalata ya amfumu ingakutetezeni.

Ndisakunamizeni, payokha singakutetezeni. Imangosonyeza kuti munapereka ndalama. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti womanga mumzinda ayambe wapeza chilolezo, pulani yake itavomerezedwa. Ndipo malowo akakhala a boma kapena a nkhalango yotetezedwa, amfumu analibe mphamvu yowagulitsa. Kuletsa kumanga m'mapiri si nkhanza chabe ayi. Tonse tinaona mmene matope ndi miyala zinakwiririra mabanja ku Chilobwe mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy.

Komatu khonsolo nayo ili ndi malire. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu woti akuluakulu a boma akuchitireni zinthu mwachilungamo, ndi kukupatsani zifukwa zolembedwa. Musangokhala chete kudikira chigalimoto chogumula. Onani tsiku limene kalatayo inalembedwa ndi masiku amene akupatsani. Masikuwo asanathe, alembereni kupempha zifukwa, mapu osonyeza kuti malowo ndi a ndani, komanso mwayi woti akumveni. Akudindireni pa kope yanu polandira. Chidindo chimenechi ndi umboni woti analandira kalata yanu. Funsaninso ngati pulani yanu ingavomerezedwe tsopano, ngakhale pa malo otsetsereka ngati amenewo chiyembekezo n'chochepa.

Akakana kukumvani, mungapemphe High Court kuti iunikenso chigamulo chawo ndi kuimitsa kaye kugumulako. Pempholi lisapitirire miyezi 3 chigamulo chiperekedwere. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Ofesi ya Ombudsman, yomwe imafufuza madandaulo okhudza maofesi a boma, nayo imawalandira kwaulere.

Za chipukuta misozi musadalire kwambiri, chifukwa nyumba yopanda chilolezo kawirikawiri salipira. Amene mungamusumire kuti abweze ndalama zanu ndi amene anakugulitsani, choncho sungani bwino malisiti ndi mayina a mboni.

Chimene chikundidetsa nkhawa koposa ndi mvula ikubwerayi. Mlandu ukuyenda, ana asamagone m'nyumbamo usiku wa mvula yamphamvu.