Kwaya yathu yaitanidwa kunja: tipite kapena tisapite?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi mlembi wa kwaya ya m'dera lawo ku Zomba, kwaya ya anthu oyandikana nyumba amene akhala akuyimba limodzi pamaliro ndi pamaukwati kwa zaka zoposa khumi. Akuti aitanidwa kukayimba ku Scotland chaka chamawa, koma malo alipo a anthu 12 okha mwa anthu 40, ndipo akufunsa ngati n'koyenera kuvomera. Ndinalephera kuyankha tsiku lomwelo chifukwa kalatayi inandigunda pachilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola kalekale.

Mayi, mundilole ndiyambire kwa ine mwini. Ndinayimba besi kwa zaka 14 m'kwaya ya kwathu ku Ndirande, ndipo kwa zaka zingapo ndinalinso m'komiti yake. Tinkakumana Lachitatu ndi Loweruka masana m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, titakhala pa mabenchi a ana, ndipo kwayamasitala wathu, amene ntchito yake inali ya ukalipentala, ankalemba solofa pabolodi ndi tizidutswa ta choko totsala kwa aphunzitsi. Anali ndi kachitsulo kamphanda kamene ankakamenya pabondo n'kukaika kukhutu asanatipatse mawu oyambira, ndipo kalasi yonse inkakhala chete kudikira kamawu kameneko. Tinalipo anthu 34, ogulitsa mumsika, alonda, aphunzitsi awiri ndi amayi apakhomo, ndipo m'dera lathu simunkagwa maliro ife osakagonako.

Chaka china tinaitanidwa ku Harare ndi abale athu a kumeneko, ana ndi adzukulu a Amalawi amene anapita kale kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, amene ambiri a iwo amakhala ku Mbare, Highfield ndi Mufakose. Ndalama zimene tinasonkha pogulitsa mandasi ndi pogwira maganyu zinakwanira anthu 18 okha, ndipo komiti inagwirizana kuti apite amene anali kale ndi mapasipoti kapena amene akanatha kudzilipirira okha. Ine ndinakweza nawo dzanja kuvomereza zimenezo. Pakati pa otsala panali mayi wina wachikulire woyimba alito, wogulitsa tomato, amene pamaliro ndiye ankayambitsa nyimbo m'bandakucha pamene tonsefe mawu atatha, ndiponso ndiye anakazinga mandasi ambiri a ulendowo. Tsiku lonyamuka anabwera kudepoti ndi mtedza wokazinga ataumanga m'kansalu, naupereka pawindo la basi kuti tizikadya m'njira. Sanadandaule ngakhale pang'ono, koma sanabwerenso ku pulakatisi.

Sindinganame kuti ulendowo unalibe zokoma. Tinadutsa pa Mwanza, tinawoloka Zambezi pamlatho wa ku Tete tikuyimba, tinalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, ndipo titayimba m'Chichewa usiku woyamba ndinaona madoda a imvi akupukuta misozi. Mmodzi anandigwira dzanja kwa nthawi yaitali akundifunsa za mudzi wa kwawo ku Ntcheu, kumene anachokako ali mnyamata ndipo sanabwerereko. Zimenezo sindidzaziiwala. Koma munthu amene anakonza ulendowo anali atatilonjeza pakamwa theka la ndalama za pakhomo, ndipo atachotsa za holo, za chakudya ndi za zinthu zina zimene sitinazione, sipanatsale kanthu. Tinabwerera ndi ngongole ya basi. Choipa kuposa ngongoleyo chinali chakuti tinabwerera ku kwaya yogawanika, ya opita ndi otsala, opitawo akukamba nkhani za ku Harare pamene otsalawo ali duu, ndipo chaka chisanathe kwaya ya zaka zonse zija inali itatha.

Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikuwerenga mbiri ya makwaya amene anayenda kunja, ndipo ndapeza kuti zimene zinatigwera ife n'zakale kwambiri. Mbiri imeneyi ambiri amaiyambira ku Fisk, sukulu ya ukachenjede imene inatsegulidwa mu 1866 ku Nashville m'dziko la America kuti iphunzitse anthu akuda omasulidwa ku ukapolo. Sukuluyo itatsala pang'ono kutsekedwa chifukwa chosowa ndalama, msungichuma wake George White ananyamuka pa 6 Okutobala 1871 ndi ophunzira 9 kukayimba m'mizinda, ndipo anthu anakopeka kwambiri ndi nyimbo zauzimu zimene makolo a ophunzirawo ankayimba ali akapolo. Mu 1873 anafika ku Britain nayimba pamaso pa Mfumukazi Victoria, ndipo ndalama za maulendowo zinamanga nyumba yotchedwa Jubilee Hall, imene ilipobe mpaka lero. Chimene ndimachiona m'nkhani imeneyi n'chakuti ndalama zinali ndi kwawo kodziwika, ndipo woyang'anira ulendo anali munthu wa sukulu yomweyo. Ngakhale zinali choncho, oyimbawo anatopa ndi kudwala chifukwa choyenda mosapuma, ndipo gulu loyambalo linatha mu 1878.

Mbewu ya Fisk inafika kuno kummwera kwa Africa mu 1890, pamene Orpheus McAdoo, woyimba wakuda wa ku America, anabwera ndi gulu lake la Virginia Jubilee Singers nayimba m'mizinda ya South Africa, kuphatikizapo Kimberley. Chaka chotsatira, mu 1891, kunapangidwa kwaya yotchedwa African Choir, ya achinyamata ophunzira m'sukulu za mishoni a ku Kimberley ndi a ku Eastern Cape, ena a iwo ochokera ku Lovedale. Dzina la Lovedale lisakhale lachilendo kwa ife, popeza ndi sukulu yomweyo imene inatumiza William Koyi ndi anzake kudzathandiza mishoni ya Livingstonia mu 1876. M'kwayamo munali Paul Xiniwe ndi mkazi wake Eleanor, munali Charlotte Manye ndi mng'ono wake Katie, munalinso tianyamata tiwiri. Azungu amene anakonza ulendowo ankalengeza kuti ndalama zake zidzamangira anthu akuda sukulu ya ntchito zamanja. Kwayayo inayenda m'mizinda ya Britain, inayimbira Mfumukazi Victoria ku Osborne House pa chilumba cha Isle of Wight, ndipo nyuzipepala zinailemba, koma sukuluyo sinamangidwe, oyimba anakangana ndi okonza ulendo pa za malipiro, ndipo banja la a Xiniwe linabwerera kwawo lokhumudwa. Pa ulendo wachiwiri, wa ku Canada ndi America, kwayayo inasiyidwa padzuwa ku Ohio yopanda ndalama zobwerera.

Anthu akamakamba nkhaniyi amathamangira kumapeto ake okoma, akuti mpingo wa African Methodist Episcopal unatola oyimba osowa pogwirawo, Charlotte Manye anaphunzira ku Wilberforce University nakhala mayi woyamba wakuda wa ku South Africa kulandira digiri, kenako, atakwatiwa n'kukhala Charlotte Maxeke, anayambitsa bungwe la amayi akuda la Bantu Women's League mu 1918, ndipo lero chipatala chachikulu cha mu Johannesburg chimadziwika ndi dzina lake. Zonsezi n'zoona ndipo ndimazilemekeza. Koma ndimakana kuti mwayi wa munthu mmodzi ubise zimene zinachitikira gulu lonse. Kwayayo monga kwaya inafera kunja, ndipo amene anapulumuka anapulumuka ndi chifundo cha alendo, osati ndi dongosolo la amene anawatenga.

Ndipo tisaganize kuti izi zinatha ndi nthawi ya Victoria. Mu 1998 anyamata oyimba a ku Kalingalinga mu Lusaka, olankhula Chinyanja ngati ife, anatengedwa kupita ku Texas ndi bungwe lina lodzitcha lachikhristu, atalonjezedwa maphunziro, malipiro ndi thandizo la mabanja awo. Kumeneko ankayimbitsidwa kangapo pa tsiku m'matchalitchi ndi m'masukulu, ndalama zikulowa kwa eni bungwelo, ndipo wodandaula ankaopsezedwa kuti abwezedwa kwawo mwamanyazi, mpaka boma la America linalowererapo. Makolo awo anawalola kupita chifukwa owatengawo anabwera ndi Baibulo m'manja.

Za zikopa

Pali chinthu china m'mbiri ya African Choir chimene chimandiwawa kuposa za ndalama. Oyimbawo anali Akhristu ophunzira, ena aphunzitsi, ozolowera kuvala masuti ndi madiresi, koma pa gawo lina la makonsati awo ankavekedwa zikopa ndi mikanda kuti oonera aone Africa amene ankamuyembekezera, kenako n'kusintha kuvala zachizungu kusonyeza ntchito ya mishoni. Zithunzi zawo zimene zinajambulidwa ku London zilipo, ndipo zinaonetsedwanso kumeneko mu 2014. Ndikaziyang'ana ndimaona nkhope za anthu odziwa bwino lomwe chimene akuchitidwa. Sindikunyoza zovala za makolo athu ayi, pakuti amene amavina Ingoma atavala zikopa amavala zake ndipo amadziwa tanthauzo lake. Chimene ndikukana n'chakuti kwaya imene kwawo imayimba itavala yunifolomu ya nsalu yosokedwa kwa telala wa pamsika ikafike kunja n'kuuzidwa kuti ivule nsapato, ionetse umphawi, kapena isiye nyimbo za m'buku chifukwa sizikumveka zachiafirika mokwanira. Nyimbo za solofa takhala nazo zaka zoposa 100, taikira nazo makolo athu m'manda, ndipo ndi zathu. Wokuitanani akayamba kukusankhirani chovala ndi nyimbo, dziwani kuti sakufuna kwaya yanu koma chithunzi chimene ali nacho kale m'mutu mwake, ndipo pamenepo ine ndingakane ulendo ngakhale tikiti italipiridwa.

Ena adzandiuza za Soweto Gospel Choir, imene inayamba mu 2002, yazungulira dziko lonse ndipo inalandira mphoto ya Grammy koyamba mu 2007. Ndimaikonda kwayayo, koma inapangidwa ndi cholinga choyenda, oyimba ake anachita kusankhidwa m'makwaya osiyanasiyana, ndipo kuyimbako ndi ntchito yawo yolembedwa. Kwaya yanu, mayi, inapangidwa ndi maliro ndi maukwati a m'dera lanu, ndipo mphamvu yake ili mwa anthu 40 amene amabwera popanda wowalipira. Mukaiyendetsa ngati ya ku Soweto mudzataya chimene muli nacho musanapeze chimene mukuchifuna.

Tsono yankho langa ndi ili. Pitani, ngati okuitananiwo avomera kulemba papepala amene adzalipire ndege, malo ogona, chakudya ndi chipatala wina akadwala, kuchuluka kwa makonsati, ndi kumene ndalama za pakhomo zidzapite. Aliyense akhale ndi tikiti yobwerera asananyamuke ndipo asunge yekha pasipoti yake, msungichuma wanu apite nawo, ndipo mufunse ku ofesi yoona za viza mtundu woyenera anthu okayimba, chifukwa malamulo a mlendo wamba ndi a munthu wokalandira malipiro amasiyana. Koma musanayankhe kalata ya ku Scotland, itanani anthu onse 40 mukhale pansi, ndipo anthu 12 aja asasankhidwe ndi komiti m'chipinda kapena ndi kulemera kwa matumba awo. Kwaya yonse igwirizane njira yosankhira, isonkhere pasipoti wosankhidwa amene alibe, ndipo igwirizaniretu chimene otsala adzapindule, kaya ndi yunifolomu yatsopano ya onse kapena kiyibodi ya gulu. Ngati pamsonkhanowo muona kuti amayi amene amayambitsa nyimbo m'bandakucha akhala chete osayankhula kanthu, musathamangire kuwerenga manja, pitani kunyumba kwawo mawa lake mukawafunse paokha, chimene ine sindinachite kwa mayi wa alito uja.