Kodi thupi limazolowera maantibayotiki?

Funso: Kale mwana wanga akatsegula m'mimba kapena akadwala chimfine ndinkamugulira Bactrim pa okala, n'kupeza bwino. Masiku ano mankhwalawa sakuthandiza. Kodi thupi lake lazolowera? Mayi wa ku Ndirande.

Yankho: Mayi, thupi la mwana silinazolowere. Amene asiya kumva mankhwala ndi mabakiteriya. Bakiteriya wa E. coli akapeza chakudya chokwanira amagawika pawiri mphindi 20 zilizonse, ndipo pogawikapo ena amabadwa osiyanako ndi anzawo. Mwana akamwa mankhwala, mabakiteriya ofooka amafa, olimbawo n'kutsala okha, kuswana mpaka kudzaza m'matumbo. Mukamumwetsa pafupipafupi, kapena mlingo woperewera, mukuthandiza olimbawo.

Amadziteteza mosiyanasiyana. Ena amapanga chinthu chotchedwa beta-lactamase, chomwe chimaphwanya amoxicillin asanayambe n'komwe kugwira ntchito. Ena amapopera mankhwala kunja akangolowa, ena amasintha pamalo pomwe mankhwala amakagwira. Chotidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mphamvu zimenezi nthawi zambiri zimakhala pa tizidutswa ta DNA totchedwa plasmid, ndipo mabakiteriya amapatsirana, ngakhale a mitundu yosiyana. Bakiteriya wosavuta wa m'matumbo atha kupatsira woyambitsa matenda, kenaka uyo n'kufalikira kwa anthu ena kudzera m'madzi ndi m'manja osasamba.

Kwanu ku Blantyre komweko zinaonekapo. Kuyambira 2011, odwala taifodi anachuluka kwambiri chifukwa cha mtundu wa Salmonella Typhi, bakiteriya woyambitsa taifodi, wosamva amoxicillin, chloramphenicol ndi Bactrim, mankhwala otsika mtengo omwe ankadaliridwa.

Chinanso, chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo maantibayotiki monga Bactrim sapha mavairasi. N'kutheka kuti kale lija mwana ankachira yekha. Kutsegula m'mimba kwa madzimadzi nakonso nthawi zambiri sikufuna Bactrim. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, muzimumwetsa pang'onopang'ono. Mupatseninso zinc, 20 mg pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, kapena 10 mg ngati sanakwanitse miyezi 6. Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi litatentha kwambiri, mwana akupuma mofulumira kapena akukana kumwa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Akakulemberani maantibayotiki, tsatani mlingo, maola ndi masiku monga anenera adokotala, osasungako ena kapena kugawira wina. Amene achipatala anakuuzani kuti muzimwa Bactrim tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV, musasiye panokha.