Za tizilombo ta m'minibasi: chonde mwanayo musamumwetse Bactrim

Zikomo mayi pofunsa. Kwa amene simunaone funsoli: mayiwa amva kuti pa mipando ndi zitsulo za m'mabasi pamapezeka tizilombo tosamva mankhwala, ndipo mwana wawo amakwera minibasi tsiku ndi tsiku kuchoka ku Ndirande kupita kusukulu. Akufuna kudziwa ngati n'zoona, komanso ngati angamamumwetse Bactrim mwa apo ndi apo kuti amuteteze, monga wina wawalangizira.

Ndiyambe ndi chimene chandichititsa kuti ndilembe: chonde mayi, musamumwetse. Mwana wosadwala akamamwa mankhwala amenewa satetezeka ayi. Mankhwalawo amapha mabakiteriya ofooka a m'matumbo mwake, olimba aja n'kutsala okha, n'kuswana mwaufulu chifukwa opikisana nawo afa. Tsiku limene adzadwaledi, Bactrim yemweyo adzakhala ngati madzi. Pali anthu amene achipatala amawapatsa Bactrim wa tsiku ndi tsiku, monga ambiri amene ali ndi HIV. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo iwo asasiye.

Tsopano za tizilomboto. Inde n'zoona, ndipo anthu anafufuzadi. Ku Porto, m'dziko la Portugal, akatswiri anapukuta zitsulo zogwirira za m'mabasi 85 n'kukayeza, ndipo zotsatira zimene anatulutsa mu 2011 zinaonetsa kuti pafupifupi basi imodzi mwa anayi alionse inali ndi kachilombo kosamva mankhwala kotchedwa MRSA. Ku Lisbon, pa mabasi 199, oposa gawo limodzi mwa magawo atatu anapezeka nayo. MRSA ndi mtundu wa Staphylococcus aureus, kachilombo kamene kamayambitsa zithupsa ndi mafinya m'zilonda, koma iyeyu ndi uja amene sakumvanso mankhwala ambiri a m'gulu la penisilini. Anayamba kuoneka ku England mu 1961. Mitundu yambiri imene anaipeza m'mabasi a ku Portugal inali yomwe ija yopezeka m'zipatala za komweko. Odwala, owasamalira ndi ogwira ntchito amatuluka nayo m'manja n'kukakwera nayo basi, ndipo kachilomboka kamatha kukhala ndi moyo pa chitsulo kapena pulasitiki youma kwa masiku ambiri, mwina miyezi.

Ndiye ganizirani minibasi yathu nthawi ya m'mawa. Anthu anayi pa mpando, wina akutsokomola, chitseko chija aliyense amachigwira potsika, ndalama yadutsa m'manja asanu isanafike kwa kondakitala, chenji n'kubwereranso njira yomweyo. Masiponji a mipando ina ali pamtunda, amwa thukuta la zaka. Sindingakunamizeni kuti mmenemo ndi moyera.

Koma kugwira kachilombo si kudwala. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amayenda ndi Staphylococcus m'mphuno mwake osamva kalikonse. Khungu labwinobwino ndi mpanda wolimba. Kachilomboka kamafuna khomo, ndipo makomo ake ndi odziwika: bala, chilonda chosamanga, mphere zokandakanda, pakamwa, m'maso. Mwana wagwira chitsulo, watsika pasiteji, wagula chitumbuwa kapena chimanga chootcha n'kudya ndi dzanja lomwelo. Apa ndiye pamene tingalowererepo.

Komanso anthu ambiri amasokoneza chinthu chimodzi. Kachilombo kosamva mankhwala akumwa kapena jakisoni sikuti n'kosamvanso sopo. Sopo wamba ndi madzi, kutikita bwino kwa masekondi 20 mpaka m'zikhadabo, amakachotsa mofanana ndi tizilombo tina tonse. Sanitaiza amene tinamuzolowera nthawi ya Covid amakapha. Klorini amakapha. Simufunika sopo wodula wolembedwa zachilendo, wa mugolosale yemweyu ndi wokwanira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si basi ayi. Basi imangonyamula zimene takwera nazo kuchokera kunyumba. Kuno kwathu vuto lalikulu si MRSA yekha, koma tizilombo ta m'matumbo, E. coli ndi Klebsiella, timene taphunzira kuphwanya mankhwala amphamvu ngati ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira munthu akadwalika. Ofufuza a bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome anasanthula zotsatira za magazi a odwala a pa Queen Elizabeth Central Hospital kuyambira 1998 mpaka 2016. Mu 2003, E. coli wosamva mankhwala a gulu limeneli sankakwana ndi mmodzi yemwe pa 100 alionse. Pofika 2016 anali pafupifupi 30 pa 100. Klebsiella ndiye anachoka pa 12 kufika pa 90 pa 100. Izi ndi za mu Blantyre momwe muno, ndipo amene amavutika kwambiri ndi makanda obadwa kumene. Kafukufuku wina wa m'makomo a ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa anapeza tizilombo ta mtundu umenewu m'chimbudzi cha anthu pafupifupi anayi mwa khumi alionse, anthu oyendayenda bwinobwino, komanso m'ngalande, m'mitsinje ndi m'ziweto, ndipo tinkachuluka nthawi ya dzinja. Mukuona mayi? Tizilomboti tili kale pakati pathu. Timayenda ndi madzi akuda, zimbudzi zosefukira ndi manja osasamba, ndipo timalimba nthawi iliyonse imene wina wagula makapisozi awiri a amoxicillin pamsika chifukwa cha chimfine. Chimfine chimabwera ndi vairasi, makapisozi sachikhudza n'komwe. Enanso amathira mankhwala omwewa m'madzi a nkhuku kuti zisafe, n'kumadya nkhukuzo mawa lake.

Ineyo ndinachitapo zimenezi kale, ndisabise. Ndinkasunga makapisozi otsala m'kabati, mwana akangotentha thupi n'kumupatsa ndisanamuyezetse ndi malungo omwe. Ndinasiya m'bale wanga atagona m'chipatala milungu itatu ndi bala limene linakana mankhwala awiri motsatizana. Kuona dokotala akusintha jakisoni uku akupukusa mutu ndi chinthu chimene sindifuna kuti mayi wina adzachione pa mwana wake. Padziko lonse, mu 2019 mokha, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ya kumwera kwa Sahara ndi imene inakhudzidwa koposa.

Ndiye mwanayo apitirize kukwera minibasi, sukulu asajombe. Akafika kusukulu kapena kunyumba asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya. Ngati mungathe, kabotolo ka sanitaiza kazikhala m'chikwama. Akakhala ndi bala kudzanja kapena pabondo, litsukeni n'kulimata pulasitala asananyamuke, ndipo zikhadabo muziziwenga. Inuyo mukachokera kukazonda wodwala kuchipatala, sambani musanakwere, chifukwa pamenepo ndinu amene mungasiyire ena pa chitsulo. Kwa madalaivala ndi eni minibasi amene muli m'gulu muno, kansanza konyowetsa m'madzi a klorini kopukutira zogwirira ndi chitseko madzulo alionse sikangakuthereni ndalama, ndipo mpando wong'ambika ukakutidwa ndi lekezini umapukutika.

Mukaona chithupsa chikukula msanga, chafiira mozungulira, chikutentha, mwana n'kuyambanso kutentha thupi, musachifinye ndipo musathamangire kukagula makapisozi. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukawauze achipatala mankhwala alionse amene wamwa m'miyezi yapitayi, ngakhale a pamsika, chifukwa zimenezo zimawathandiza kusankha oyenera. Akakupatsani mankhwala, amwe monga akuuzirani, osagawana ndi mng'ono wake.